Mphaka wanenepa mopyola: mafunso ndi mayankho pa chakudya chomuchepetsa thupi

Kwathu kuno kunenepa timakuyamikira. Mwana akadzaza masaya timati amake amadziwa kulera, ng'ombe ikanona mwini khola amayenda modzigomera. Ndiye mlendo akapeza mphaka wozungulira ngati dzungu ali gone pampando, amangoti, "Koma pakhomo pano mumadya bwino!" Dokotala wa ziweto akamuona mphaka yemweyo amapukusa mutu, chifukwa amadziwa matenda amene akubwera. Mphaka wakumudzi, amene amachezera kulondera nkhokwe, sanenepa kawirikawiri. Wonenepa ndi wam'tauni, wa ku Area 47, Namiwawa kapena Kabulonga, ndi uja wotsekeredwa m'nyumba zosanja za ku Johannesburg ndi London, amene mbale yake siuma. Nawa mafunso amene eni amphaka otere amafunsa.

Ndingadziwe bwanji kuti mphaka wanga wanenepadi mopyola muyeso?

Maso amanamizidwa ndi ubweya, choncho gwiritsani ntchito manja. Msisiteni m'mbali mwa chifuwa osadinikiza. Nthiti zizimveka monga mmene mafupa a kumbuyo kwa dzanja lanu amamvekera mukawasisita. Ngati mukuchita kukanikiza kuti muzipeze, ndiye kuti mafuta achuluka. Kenako muyang'aneni kuchokera pamwamba ataimirira: kumbuyo kwa nthiti kuzioneka kolowa pang'ono, pachiuno. Mphaka amene msana wake watambalala ngati thebulo wataya chiuno chimenecho.

Madokotala a ziweto ali ndi muyeso woyambira pa 1 kufika pa 9. Pa 5 ndiye pabwino, ndipo sitepe iliyonse yopyola pamenepo imaimira pafupifupi 10 peresenti ya kulemera koonjezera. Amphaka ambiri wamba amalemera bwino pakati pa makilogalamu 3.5 ndi 5, ngakhale mitundu ina monga Maine Coon ndi yaikulu mwachibadwa.

Pali zinthu ziwiri zosokoneza. Kachikopa kolendewera pansi pamimba, kamene kamagwedezeka mphaka akamathamanga, amphaka ambiri ali nako ngakhale ali ochepa thupi. Komanso mimba yotupa pamene msana uli mafupa okhaokha si kunenepa. Zimenezo zingakhale njoka zam'mimba, bere, kapena madzi odzaza m'mimba chifukwa cha matenda, ndipo zimafuna dokotala.

Koma akuoneka wosangalala. Vuto lili pati?

Mphaka amabisa ululu. Amene mukumuyesa waulesi nthawi zina wasiya kukwera pazenera chifukwa mfundo zikumupweteka. Thupi lolemera limafulumiza nyamakazi, nyamakazi imamuletsa kuyenda, ndipo kusayenda kumamunenepetsanso.

Choopsa kwambiri ndi matenda a shuga. Mafuta ochuluka amachititsa kuti thupi lisamamvere insulin, monga zimachitikira kwa anthu, ndipo amphaka onenepa amadwala shuga kangapo kuposa anzawo. Pali mavuto a chikhodzodzo, makamaka kwa amphaka aamuna, amene njira yawo ya mkodzo ndi yopapatiza ndipo imatha kutsekeka. Palinso ukhondo: mphaka amasamba ndi lilime, ndipo akanenepa amalephera kupindika kuti afike kumchira, ubweya n'kumangana, khungu n'kuyamba zilonda.

Wanenepa bwanji poti ndimangomupatsa kambale kamodzi?

Funso ndi lakuti m'kambalemo muli mphamvu zochuluka bwanji, zimene timaziyeza m'makalori. Mphaka wapakhomo anachokera kwa vumbwe, ndipo kadyedwe kake sikanasinthe kwenikweni. Wosaka yekha amadya pang'onopang'ono, kangapo usana ndi usiku. Mbewa imodzi ili ndi makalori pafupifupi 30 okha, ndipo kuti aigwire amabisalira, kulumpha, n'kuphonya kambirimbiri. Tsono chakudya chouma cha timibulu, chogula m'sitolo, chimakhala ndi makalori 350 mpaka 400 pa magalamu 100. Kambale kodzaza bwino ndi mbewa zoposa khumi zogwidwa kale, zimene mphaka amazipeza atangoyenda masitepe asanu kuchoka pampando.

Chifukwa china ndi kuthena kapena kutseketsa. Ndi chinthu chabwino, chimachepetsa amphaka osowa mwini ndiponso ndewu, koma mphaka wothenedwa amafuna chakudya chochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, pamene chilakolako chake cha kudya chimakwera. Eni ake ambiri sachepetsa muyeso opaleshoni ikatha, ndipo pakatha chaka mphaka wasanduka mtondo.

Bwanji osangomumana chakudya masiku angapo kuti aphwe?

Musayese n'komwe. Apa ndi pamene mphaka amasiyana ndi galu, ndiponso ndi munthu. Mphaka wonenepa akasiya kudya, thupi limatumiza mafuta ambiri kuchiwindi kuti asanduke mphamvu. Chiwindi cha mphaka sichitha kukonza mafuta ochuluka chotero nthawi imodzi, choncho chimadzaza nawo n'kuyamba kulephera ntchito. Madokotala amatcha vutoli hepatic lipidosis. Limatha kuyamba pakangopita masiku ochepa mphaka asakudya mokwanira, ndipo limapha. Zizindikiro zake ndi kufooka, kusanza, kutuluka dovu, ndi chikasu m'maso, m'nkhama ndi m'kati mwa makutu. Wopulumuka nthawi zambiri amadyetsedwa kudzera m'kapaipi kwa masabata angapo.

Lamulo lake n'losavuta: mphaka wonenepa akakana chakudya tsiku lathunthu, imbirani dokotala, akafika masiku awiri, mutengereni kuchipatala cha ziweto.

Kudula pakati chakudya chake cha masiku onse nakonso kuli ndi vuto. Chakudya wamba anachikonza kuti mphaka apeze mapuloteni, mavitamini ndi mchere wam'thupi wokwanira akadya muyeso wonse. Mukachotsa theka, mwachotsanso theka la zofunikazo. Mphaka amatsika pa sikelo, koma zina mwa zimene wataya ndi minofu.

Ndiye chakudya choyenera chikhale chotani?

Chikhale ndi mapuloteni ambiri ochokera ku nyama, makalori ochepa, ndipo chikhale chokwanira pachokha.

Mphaka ndi wodya nyama weniweni. Thupi lake limawotcha mapuloteni nthawi zonse kuti lipeze mphamvu, ngakhale pamene chakudya chachepa, ndipo akasowa mapuloteni m'mbale amadya minofu yake yomwe. Pali zinthu zina zimene galu amatha kudzipangira koma mphaka ayenera kuzipeza mu nyama. Sangasandutse zofiira za mu kaloti kapena dzungu kukhala vitamini A. Amafunanso taurine, amene amapezeka mu nyama ndi nsomba. Mu 1987 Paul Pion ndi anzake pa yunivesite ya California ku Davis anasonyeza kuti kusowa kwa taurine kumakulitsa ndi kufooketsa mtima wa mphaka, ndipo makampani anaonjezera taurine m'zakudya zawo. Kusowa kwake kumachititsanso khungu. N'chifukwa chake chakudya cha galu si cha mphaka, ngakhale chitatchipa chotani.

Pa paketi funani mawu akuti complete, kutanthauza kuti mphaka angakhale ndi moyo pa chakudyacho chokha. Cholembedwa kuti complementary ndi chongoonjezera. Zakudya zambiri zimatchula kuti zikutsata miyeso ya AAFCO ya ku America kapena FEDIAF ya ku Ulaya. Muyeso wa AAFCO umafuna kuti chakudya cha mphaka wamkulu chikhale ndi mapuloteni osachepera 26 peresenti madzi akachotsedwa, koma umenewo ndi mlingo wotsikitsitsa. Wochepetsa thupi amafuna oposa pamenepo ndithu.

Kwa mphaka amene wanenepa kwambiri, madokotala amalembera zakudya zopangidwira ntchito imeneyi, monga Hill's Prescription Diet Metabolic, Royal Canin Satiety kapena Purina Pro Plan OM. M'zakudya zimenezi anachepetsa makalori koma anaonjezera mapuloteni ndi mavitamini, kuti muyeso wochepa ukhalebe wokwanira. Zambiri zilinso ndi ulusi wa zomera wosagayika, wonga umene uli mu gaga, umene umadzaza mimba. N'zodula, koma n'zotchipa poyerekeza ndi kubaya insulin kawiri patsiku.

Chouma kapena chonyowa, chabwino n'chiti?

Zonse zingagwire ntchito ngati muyeso ukutsatidwa, koma chonyowa, cha m'zitini ndi m'timapaketi, chili ndi mwayi wake. Madzi ake amakhala 75 mpaka 80 peresenti, pamene chouma chili ndi pafupifupi 10 peresenti. Choncho magalamu 100 a chonyowa amakhala ndi makalori 70 mpaka 100 okha. Mbale imaoneka yodzaza, mimba imakhuta, makalori ali ochepa. Madziwo amathandizanso chikhodzodzo ndi impso, poti mphaka, monga mdzukulu wa nyama ya m'madera ouma, samva ludzu msanga.

Poyerekeza mapaketi musapusitsidwe ndi manambala. Chitini chikalembedwa kuti mapuloteni 10 peresenti ndi madzi 80 peresenti, ndiye kuti pa magalamu 20 a chakudya chenicheni, 10 ndi mapuloteni, kutanthauza theka lathunthu. Thumba la chouma lolembedwa mapuloteni 32 peresenti ndi madzi 10 peresenti lili ndi pafupifupi 36 peresenti. Chooneka chochepa chija ndicho chaposa.

Ubwino wa chouma ndi mtengo, ndiponso sichionongeka msanga. Chonyowa chikatsekulidwa chimafuna firiji, ndipo m'nyengo yotentha ya Okutobala, magetsi akuzimazima, chimasasa ndi kuitana ntchentche. Ambiri amaphatikiza: kapaketi ka chonyowa m'mawa, timibulu toyezedwa madzulo.

Nanga zolembedwa kuti light kapena grain free?

Mawu a kutsogolo kwa thumba ndi otsatsa malonda. Choona chili kumbuyo, pa nambala ya makalori. Ku America malamulo a AAFCO amalola chakudya chouma cha mphaka kutchedwa light ngati sichipyola makalori 3,250 pa kilogalamu. Kumeneko n'kuchepa pang'ono chabe poyerekeza ndi chakudya wamba, ndipo mukadzaza mbale tsiku lonse mphaka adzanenepa nachobe. Zakudya zotere zimathandiza kwambiri popewa kunenepa, kapena kwa mphaka amene wangopyola pang'ono.

Grain free amatanthauza kuti mulibe chimanga, tirigu kapena mpunga. M'malo mwake amaikamo mbatata, nsawawa kapena chinangwa, poti timibulu sitingaumbike popanda sitachi. Zina mwa zakudya zimenezi zili ndi mafuta ambiri ndi makalori oposa zinzake.

Ndimupatse chochuluka bwanji patsiku?

Muyeso umawerengedwa potengera kulemera kumene mphaka ayenera kukhala nako. Tiyerekeze kuti akulemera makilogalamu 5.5, koma dokotala wanena kuti thupi lake ndi la makilogalamu 4. Mphaka wa makilogalamu 4 atangogona osachita kanthu amafuna makalori pafupifupi 200 patsiku. Pochepetsa thupi madokotala amayambira pa 80 peresenti ya nambala imeneyo, amene ndi makalori 160.

Ngati chakudya chanu chouma chili ndi makalori 380 pa magalamu 100, muyeso wa tsiku lonse ndi magalamu 42 okha. Mukawathira m'mbale mudzadabwa kuchepa kwake. Ngati ndi chonyowa cha makalori 80 pa kapaketi, ndi timapaketi tiwiri. Ngati mukuphatikiza, kapaketi kamodzi ndi magalamu 21 a timibulu.

Pa manambala ang'onoang'ono otere kapu siithandiza. Wina amathira yosefukira ngati wogulitsa nyemba wofuna kasitomala abwerenso, wina yoperewera, ndipo magalamu 10 oonjezera ndi makalori 38, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a muyeso wa tsiku. Gulani sikelo yaing'ono ya kukhitchini. M'mawa uliwonse yezani chakudya cha tsikulo, ikani m'kabotolo, ndipo aliyense wa m'nyumba azitapa m'menemo. Kabotolo kakatha, zatha mpaka mawa.

Chakudya cha m'sitolo n'chodula. Ine ndimamupatsa nsima ndi usipa. Nditani?

Amphaka ambiri kwathu akulira pa zimenezi, ndipo amapulumukira pa mbewa ndi abuluzi amene amagwira okha. Wotsekeredwa m'nyumba alibe mwayi umenewo, choncho mbale yake iyenera kuganiziridwa bwino.

Nsima ndi mpunga ndi sitachi, ndipo mphaka safuna yambiri. Mkute wothira msuzi wa mafuta umam'patsa makalori ambiri ndi mapuloteni ochepa, zosemphana ndi zimene tikufuna. Tembenuzani mbaleyo: ndiwo zikhale ndizo chakudya, nsima ikhale kambamu kakang'ono kapena isakhalepo. Usipa, matemba kapena kapenta n'zabwino chifukwa zimadyedwa ndi mafupa omwe, amene amapereka calcium. Ziviikeni kaye kuti mchere ndi mchenga zichoke, n'kuziwiritsa popanda mafuta, mchere kapena anyezi. Msuzi wake musataye, poti taurine amasungunukira m'madzi ophikirawo.

Musamudyetse nsomba zokhazokha. Sinthanitsani ndi nyama ya nkhuku yochotsa khungu, mitima ndi nthutumba, ndi dzira lowiritsa. Mitima ili ndi taurine wambiri. Chiwindi chikhale kachidutswa kamodzi pa sabata, chifukwa chikachuluka vitamini A amaunjikana n'kuumitsa mafupa a khosi ndi msana. Mnofu wokhawokha ulibe calcium wokwanira ndipo umafooketsa mafupa. Nsomba zina zosaphika zimaononga vitamini B1 m'thupi, choncho muziphika. Mafupa ophika a nkhuku ndi minga ikuluikulu ya chambo zimabaya kukhosi ndi m'matumbo.

Kunena chilungamo, n'kovuta kukwaniritsa zonse pophika pakhomo. Njira yapakati ndi kugula chakudya chokwanira kuti chikhale gawo lalikulu la tsiku, n'kuonjezera pang'ono zophika nokha, mutafunsa dokotala. Ku Lilongwe bungwe la LSPCA lili ndi chipatala cha ziweto, ndipo m'mizinda ina mulinso madokotala a boma ndi oima paokha.

Nanga mkaka ndi tina tomusangalatsa?

Zoonjezera zonse zisapyole 10 peresenti ya makalori a tsiku. Kwa mphaka wathu wa makalori 160, amenewo ndi 16 okha. Mamililita 100 a mkaka wa ng'ombe ali ndi makalori oposa 60, ndipo amphaka ambiri akakula sagaya bwino shuga wa mumkaka, amatsekula nawo m'mimba. Supuni yaing'ono ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 40. Pang'onopang'ono ndi mtolo: kanyama kuchokera kwa bambo, kakhungu ka nkhuku kuchokera kwa mwana, kutsukuluza poto kwa wantchito, ndipo dongosolo lonse lagwa.

Zotsekemera sazimva n'komwe. Mu 2005 ofufuza a ku Monell Chemical Senses Center ku Philadelphia anapeza kuti lilime la mphaka lilibe mphamvu yomva kutsekemera. Akamanyambita keke amatsata mafuta.

Anyezi ndi adyo, zophika kapena zaziwisi, zimaononga maselo ofiira a magazi a mphaka. Pafupifupi ndiwo zathu zonse timathira anyezi, n'chifukwa chake zotsala patebulo si zake. Chokoleti, khofi ndi mowa nazonso ndi poizoni kwa iye.

Amalira usiku wonse ndipo amanditsatira kukhitchini. Ndipirire bwanji?

Gawani muyeso wa tsiku kanayi kapena kasanu, gawo lomaliza mumupatse mukamakagona. Mukadzuka usiku kukamupatsa chakudya chifukwa walira, mwamuphunzitsa kuti kulira kumalipira. Kulira kwina si njala. Mphaka wasungulumwa, ndipo mwini wake anazolowera kuyankha chilichonse ndi mbale. Yesani kumupesa ubweya kapena kusewera naye.

Mubwezereni ntchito yosaka. Boolani timabowo m'botolo la pulasitiki louma, ikanimo timibulu, aziligubuduza kuti tigwe. Thireyi ya mazira nayo imagwira ntchito, poti amatola kamodzikamodzi ndi dzanja. Bisani timagawo pamalo osiyanasiyana, ena okwera pang'ono. Mangani nthenga za nkhuku kunsonga ya kamtengo, muthamangitseni nazo mphindi zisanu kawiri kapena katatu patsiku. Mukatha sungani chingwecho, poti mphaka akameza ulusi umatha kucheka matumbo.

Ndili ndi amphaka awiri, wina ndi woonda. Komanso wonenepayo akukana chakudya chatsopano.

Adyetseni m'zipinda zosiyana, ndipo pakatha mphindi 20 chotsani mbale. Mukhoza kuika chakudya cha woondayo pamwamba pamene wonenepa sangafike, kapena m'katoni ya khomo lopapatiza. Ngati mphaka amatuluka panja, kambiranani ndi aneba. Amphaka ena amadya nyumba zitatu, ndipo nyumba iliyonse imayesa kuti ndi yokhayo imene ikumusamala.

Chakudya chatsopano chilowe mwa masiku 7 mpaka 10. Yambani ndi gawo limodzi latsopano pa magawo atatu akale, n'kumaonjezera. Chonyowa mukachifunditsa pang'ono fungo limakwera ndipo amachilandira msanga. Akakanitsitsa, bwererani ku chakale choyezedwa n'kuyesa mtundu wina. Zoti "akamva njala adya yekha" zimagwira kwa galu. Kwa mphaka wonenepa kumbukirani chiwindi chija.

Zitenga nthawi yaitali bwanji?

Kuthamanga sikufika. Mphaka azitsika pakati pa theka la peresenti ndi 2 peresenti ya kulemera kwake pa sabata, ndipo ambiri amayenda bwino pa 1 peresenti. Kwa wa makilogalamu 5.5, amenewo ndi magalamu pafupifupi 55 pa sabata. Kuti ataye kilogalamu imodzi ndi theka padzapita miyezi isanu ndi iwiri kapena kuposa, mwinanso chaka.

Muyezeni masabata awiri alionse pa sikelo imodzimodzi. Kwerani pa sikelo mutamunyamula, kweraninso nokha, n'kuchotsera. Sikelo yoyezera makanda imalondola kuposa pamenepo. Lembani m'kope. Pakatha mwezi osasintha, yambani mwafufuza amene akumupatsa zobisa, kenako chepetsani chakudya ndi 5 mpaka 10 peresenti mogwirizana ndi dokotala. Akamatsika mofulumira kwambiri, onjezerani. Akafika pa kulemera koyenera musabwerere ku mbale yodzaza tsiku lonse, chifukwa ambiri amanenepanso. Onjezerani pang'ono chabe, ndipo pitirizani kuyeza.

Kodi pali amphaka amene sayenera kuyamba zimenezi popanda dokotala?

Onse ndi bwino kuyamba ayezedwa, koma ena n'kofunika kwambiri. Wa bere, woyamwitsa ndi mwana amene akukula sachepetseredwa chakudya. Wodwala shuga amene akubayidwa insulin, chakudya chikasintha mlingo wa mankhwala uyenera kusinthanso, apo ayi shuga amatsika mpaka kukomoka. Wodwala impso sayenerana ndi mapuloteni ochuluka. Ndipo mphaka wokalamba akayamba kuphwa yekha musanasinthe kanthu, makamaka ngati akumwa madzi ambiri ndi kukodza pafupipafupi, musakondwere. Zimenezo zimaloza ku shuga, impso kapena chithokomiro.

Mphaka satsekula kabati ndipo sapita kumsika; chilichonse chimene chili pathupi pake chinadutsa m'manja mwa munthu. Sabata ino msisiteni nthiti, mukamuyezetse, gulani sikelo ya kukhitchini, ndipo khalani pansi ndi onse a m'nyumba mugwirizane kuti wotapa m'kabotolo ndani.